Kasitima kamene kankapha katabwerera kale kwawo

Pa 17 Novembala 1915, sitima yonyamula odwala yotchedwa Anglia inali itatsala pang'ono kufika padoko la Dover ku England. Inkachokera ku France ndipo munali asilikali ovulala pafupifupi 390, ambiri atagonekedwa pamabedi m'zipinda za m'munsi, ena osatha n'komwe kudzuka okha. Sitimayo inali yopakidwa utoto woyera, mzere wobiriwira utaizungulira, ndiponso mitanda yofiira ikuluikulu m'mbali, kuti aliyense woiona patali adziwe kuti siyomenya nkhondo. Kumayambiriro kwa mwezi womwewo, Anglia yomweyi ndiyo inabweretsa kwawo Mfumu George V, itavulala chifukwa chogwa pahatchi pokayendera asilikali ake ku France.

Cha m'ma 12:30 masana, pafupi ndi tauni ya Folkestone, kunamveka chiphokoso chachikulu cha bomba kutsogolo kwa sitimayo. Madzi analowa m'zipinda za odwala mwaliwiro loti anamwino sanathe kutulutsa onse. Mutu wa sitima unayamba kumira, kumbuyo kukukwera m'mwamba, injini zikugwirabe ntchito, ndipo zimenezi zinavutitsa kwambiri sitima zina zimene zinathamangira kudzapulumutsa anthu. Imodzi mwa izo inali yonyamula malasha, dzina lake Lusitania (osati ija yotchuka imene inamizidwa mwezi wa Meyi chaka chomwecho). Iyonso inagunda bomba lina pamalo omwewo n'kumira. Anglia inazimirira patangotha mphindi pafupifupi 15. Anthu 134 anafa, kuphatikizapo namwino Mary Rodwell ndi amalinyero ambiri ochokera m'tauni imodzi ya Holyhead ku Wales.

Panalibe mdani aliyense pamalopo tsiku limenelo. Amene anatchera mabombawo anali atachoka kale, ndipo sanaone ndi maso awo utoto woyera uja, mitanda yofiira kapena nkhope ya munthu ndi mmodzi yemwe. Anali anyamata pafupifupi 14 a m'kasitima ka pansi pa madzi ka Ajeremani kotchedwa UC-5.

Kasitimaka kanabadwa chifukwa cha changu. Pofika Okutobala 1914, asilikali a Germany anali atalanda gombe la dziko la Belgium, kuphatikizapo mzinda wa Bruges ndi madoko ake awiri a Zeebrugge ndi Ostend, olumikizidwa ku mzindawo ndi ngalande. Kuchoka pa Zeebrugge kukafika pagombe la England cha ku Harwich ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150 okha. Akuluakulu a nkhondo ya pamadzi ku Berlin anaona mwayi, koma sitima zawo zikuluzikulu za pansi pa madzi zinali zochepa ndipo kumanga imodzi kunkatenga nthawi yoposa chaka. Ankaganizanso, monga ankaganizira pafupifupi aliyense nthawi imeneyo, kuti nkhondo sichedwa kutha. Choncho anapempha amisiri kuti apange tisitima totheka kumanga m'miyezi yowerengeka, tokwanira kunyamulidwa panjanji tili zidutswazidutswa n'kukalumikizidwa kumene tikufunika.

Mwezi wa Novembala 1914 anaitanitsa tisitima 15 totchera mabomba, ta mtundu umene anautcha UC I. Khumi tinamangidwa ndi kampani ya Vulcan ku Hamburg, tisanu ndi kampani ya Weser ku Bremen. Dziko la Russia linali litayamba kale kumanga sitima ya ntchito yomweyi yotchedwa Krab zaka zingapo nkhondo isanayambe, koma inachedwa kutha, moti Ajeremani ndiwo anayamba kutchera mabomba ndi sitima yobisala pansi pa madzi.

UC-5 inatsitsidwira m'madzi pa 13 Juni 1915, ndipo patatha masiku asanu ndi limodzi inaperekedwa m'manja mwa mkulu wake woyamba, Herbert Pustkuchen. Kuiona, sinali chinthu chochititsa mantha. Kutalika kwake kunali mamita 34, m'mimba mwake mamita atatu ndi pang'ono, kulemera matani 168. Inali ndi injini imodzi yokha ya dizilo ndi mota imodzi yamagetsi yoyendera ikamira. Pamwamba pa madzi liwiro lake lonse linali makilomita 11 pa ola, loti wa kabaza wamphamvu akanaipitirira osatuluka thukuta. Pansi pa madzi inkatha kuyenda makilomita pafupifupi 90 mabatire asanathe, ndipo sinkayenera kumira kupitirira mamita 50. Inalibe torpedo, bomba lija loyenda lokha m'madzi limene sitima zoterezi zimadziwika nalo. Inalibenso mzinga. Chodzitetezera chinali mfuti imodzi yachiwaya, basi. Injini imodziyo ikanafa pakati pa nyanja, panalibe ina yodalira.

Mphamvu yake yonse inali kutsogolo. Kumeneko kunali mipope isanu ndi umodzi yoimirira mopendekeka pang'ono, iliyonse yotakata mita imodzi, yoboola thupi la sitima kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mumpope uliwonse munkakhala mabomba awiri, lina pamwamba pa linzake, onse pamodzi 12. Bomba lililonse linali ndi zophulika zolemera makilogalamu 120.

Katcheredwe kake nkofunika kukamvetsa, chifukwa ndi kamene kanapha adani komanso eni ake omwe. Bomba linkatuluka kunsi kwa sitima litagwirana ndi chitsulo cholemera chokhala ngati nangula, n'kukakhala pansi pa nyanja. Panali kachotsekera kopangidwa ndi zinthu zosungunuka m'madzi, kamene kankagwira bombalo kwa kanthawi kuti sitima ipeze mpata wochoka. Kakasungunuka, bomba linkamasuka n'kukwera, likukoka chingwe, mpaka kukaima pang'ono chabe kunsi kwa madzi, posaoneka ndi maso koma pofikika ndi mimba ya sitima yodutsa. Pamutu pa bombalo panali tinyanga ta mtovu, m'kati mwa kalikonse muli kabotolo kagalasi ka asidi. Sitima ikagunda kanyanga n'kukapinda, kabotolo kankasweka, asidi n'kugwera m'kabatire kouma, magetsi n'kubadwa pomwepo, bomba n'kuphulika.

Vuto linali lakuti mipope ija inali yotseguka kunyanja, yodzaza madzi nthawi zonse. Amalinyero sakanatha kufika pamabombawo ali paulendo. Kuya kumene bomba likaime kunkatcheredwa padoko asananyamuke, ndipo ngati mapulani asintha panjira panalibe chochita. Choopsa koposa chinali chakuti nthawi zina kachotsekera kaja kankamasuka msanga, bomba n'kukwera sitima idakali pamwamba pake. Anyamata a m'tisitimati ankadziwa bwino kuti mphindi yowopsa kwambiri paulendo wonse inali imene akutaya katundu wawo.

Tisitimati tinali m'gulu la Flanders, limene linakhazikitsidwa mu Malichi 1915 motsogozedwa ndi Karl Bartenbach, likulu lake ku Bruges. Koyamba kutchera kanali UC-11, kumapeto kwa Meyi 1915, pafupi ndi Dover, ndipo pa 1 Juni sitima yankhondo ya Britain yotchedwa Mohawk inagunda limodzi la mabomba ake n'kuwonongeka. Angerezi anadabwa. Mabomba ankapezeka m'malo amene alonda awo ankayang'anira usana ndi usiku, ndipo palibe anaona sitima yachilendo. Ena anayamba kukayikira maboti a asodzi a mayiko osalowerera nkhondo. Chinsinsi chinaululika mu Julayi, pamene UC-2 inamira pafupi ndi Great Yarmouth ndipo akatswiri omira pansi pa madzi anakapeza chitsulo chake chili ndi mipope yachilendo ija. Sipanatenge nthawi, Britain nayo inayamba kusintha zina mwa sitima zake za pansi pa madzi kuti zizitchera mabomba.

Ulendo wa kasitima ngati UC-5 unkatenga masiku awiri kapena atatu. Kankatsika ngalande kuchoka ku Bruges, kutulukira pa Zeebrugge madzulo, n'kuwoloka nyanja usiku kali pamwamba pa madzi kuti kasunge mabatire. Kukacha kankamira, nthawi zina n'kungogona pansi pamchenga kudikira mdima wina. M'katimo munali mothina, mozizira, makoma akuchucha chinyezi, fungo la dizilo ndi la anthu litasakanikirana. Mkulu wa sitima ankafunafuna malo amene sitima za malonda sizingachitire mwina koma kudutsapo: pakamwa pa doko, pafupi ndi zizindikiro zoyandama, kapena pambali pa sitima za nyali zimene zinkaimikidwa ndi nangula kuti zizilozera njira pakati pa milu ya mchenga ya kunsi kwa mtsinje wa Thames. Nyali zomwe zinkathandiza amalonda kuti asasochere ndi zimenenso zinkauza Mjeremani pamene ali ndi pamene atchere.

Pakhwalala la Dover, pamene England ndi France zayandikana kwambiri, Angerezi anali atatchinga ndi maukonde achitsulo otalika makilomita ambiri, oyang'aniridwa ndi maboti a asodzi. Ankakhulupirira kuti atseka njira. Koma mafunde amphamvu a pamenepo ankadula maukondewo kawirikawiri, ndipo kasitima kakang'ono kankatha kudutsa pamwamba pake usiku nyanja itadzala. Mu Ogasiti 1915, Pustkuchen anachita zimenezi ndi UC-5, kukhala woyamba kulowetsa sitima yotchera mabomba mu English Channel. Pa 21 Ogasiti mabomba ake 12 anali atayalidwa kunja kwa doko la Boulogne ku France, ndipo tsiku lomwelo sitima yamalonda yotchedwa William Dawson inagunda limodzi n'kumira.

Boulogne ndi Folkestone sanali madoko wamba. Pakati pa awiriwa ndi pamene pankadutsa asilikali a Britain opita kunkhondo ku France, makalata awo, ndi ovulala obwerera kwawo. Pustkuchen anabwererako kumayambiriro kwa Sepitembala, ndipo pa 8 mwezi umenewo bomba lake linamiza Monarch, sitima ya positi ofesi ya Britain yokonza mawaya a telegalafu a pansi pa nyanja. Mu Okutobala anapita patali kwambiri kumadzulo, mpaka pafupi ndi Isle of Wight, pakhomo penipeni pa doko lankhondo la Portsmouth, kumene sitima yankhondo yaliwiro yotchedwa Velox inamira pa 25 Okutobala. Kenako panabwera Anglia.

Malo amene Anglia inamirira ankatchedwa Folkestone Gate. Unali mpata pakati pa sitima ziwiri za nyali, umene Angerezi anakonza kuti sitima zonse zodutsa m'khwalalamo zizilowera pamenepo, kuti zizilondoleka bwino ndi kutetezedwa. Kwa munthu wotchera mabomba, lamulo limeneli linali mphatso. Sankafunikanso kulota kumene sitima zidzere.

Mayina a asilikali a mu Anglia amene mitembo yawo sinapezeke analembedwa pachikumbutso cha Hollybrook ku Southampton. Pamakoma omwewo pali dzina la Lord Kitchener, nduna ya nkhondo ya Britain, amene anafa mu Juni 1916 sitima yake Hampshire itagunda bomba lotcheredwa ndi sitima ina ya pansi pa madzi, U-75. Palinso mayina mazanamazana a amuna akuda a ku South Africa amene anamira ndi sitima ya Mendi mu Febuluwale 1917, itagundidwa ndi sitima inzake m'chifunga.

Pali chifukwa chandale chimene chinachititsa kuti tisitima tonyozekati tikhale tofunika chotere kumapeto kwa 1915. Mu Febuluwale chaka chimenecho Germany inalengeza kuti nyanja zonse zozungulira Britain ndi bwalo lankhondo. Pa 7 Meyi sitima ya pansi pa madzi ya U-20 inamiza Lusitania yaikulu ija, anthu pafupifupi 1,200 n'kufa, ena mwa iwo nzika za America. Mu Ogasiti sitima ina ya apaulendo, Arabic, inamizidwanso. Boma la Pulezidenti Woodrow Wilson linakwiya kwambiri, ndipo Berlin, poopa kukokera America m'nkhondo, inaimitsa mu Sepitembala kampeni yomiza sitima ndi torpedo kumadzulo kwa Britain. Koma kutchera mabomba sikunaime. Torpedo ili ndi mwini wake: pali munthu amene anayang'ana, kusankha ndi kulamula kuti iwombedwe, ndipo kazembe atha kufunsa dzina lake. Bomba lotchera lilibe woyankhira. Likaphulika, amene analisiya amakhala akudya kapena kugona ku Bruges.

Mapangano a ku The Hague a 1907 anali atayesa kuikapo malire. Limodzi linkateteza sitima za odwala. Lina linkaletsa kutchera mabomba pagombe la mdani ngati cholinga chokha n'kutchinga sitima za malonda, koma Germany ndi France anakana kumangidwa ndi ndime imeneyi, ndipo ngakhale akanavomera, mawu akuti cholinga chokha anali khomo lotseguka. Aliyense akanatha kunena kuti ankafuna sitima zankhondo. Kunena zoona, Pustkuchen sanalinge Anglia. Koma munthu wotchera panjira imene akudziwa kuti ovulala amadutsa tsiku lililonse sanganene kuti zinamudzidzimutsa. Tisaiwalenso kuti Britain nayo inkatchera mabomba ambirimbiri m'nyanja zomwezo, ndipo inkatchinga chakudya cholowa ku Germany.

Amene anasenza mtolo wolimbana ndi mabombawa anali asodzi. Boma la Britain linatenga maboti okoka makoka mazanamazana ku Grimsby, Hull, Lowestoft ndi madoko ena, pamodzi ndi eni ake, n'kuwapatsa ntchito yosesa nyanja. Maboti awiri ankayenda mogundizana akukoka waya pakati pawo. Wayayo akakola chingwe cha bomba ankachidula, bomba n'kuyandama, kenako n'kuliwombera ndi mfuti mpaka limire kapena liphulike. Ankasesa njira yomweyo m'mawa uliwonse, chifukwa yoyera dzulo inkatha kukhala yotcheredwa usiku. Boti lokoka makoka limalowa m'madzi mozama, choncho ambiri ankagunda chinthu chimene ankachifunafunacho. Pamndandanda wa zomizidwa ndi tisitima ta UC I, maboti a asodziwa ndi ochuluka zedi, ndipo boti laling'ono likagunda makilogalamu 120 a zophulika nthawi zambiri sipankatsala wofotokoza.

Tinzake ta UC-5 tinachitanso zoopsa. Bomba la UC-7 linawononga Arethusa, sitima yotchuka ya gulu lankhondo la ku Harwich, mu Febuluwale 1916. Mwezi womwewo la UC-6 linamiza Maloja, sitima ya apaulendo ya kampani ya P&O, pafupi ndi Dover, n'kupha anthu 155, ambiri mwa iwo amalinyero a ku India. Tina tinanyamulidwa panjanji mpaka ku Pola, panyanja ya Adriatic, ndipo kumeneko bomba la UC-14 linamiza chisitima chankhondo cha Italy, Regina Margherita, mu Disembala 1916, anthu oposa 600 n'kufa.

Pustkuchen anachoka mu UC-5 mwezi wa Disembala 1915 n'kukatenga sitima yokhala ndi torpedo, UB-29. Ndi imeneyi anawombera Sussex, sitima yowolotsa anthu pakati pa Folkestone ndi Dieppe, pa 24 Malichi 1916. Mwa amene anafa munali Enrique Granados, katswiri wopeka nyimbo wa ku Spain, ndi mkazi wake. Nkhaniyo inautsanso mkangano ndi America mpaka Germany inalonjeza kuti sidzamizanso sitima za apaulendo popanda chenjezo. Apa dzina la Pustkuchen linalowa m'mbiri, chifukwa ulendo uno anali ataona chimene akuwombera. Iye anafa mu 1917 pamodzi ndi anyamata ake onse mu UC-66.

UC-5 inatsala m'manja mwa Ulrich Mohrbutter, amene anapitiriza ntchito yomweyo nyengo yonse yozizira. Pomafika Epulo 1916 kasitimaka kanali katayenda maulendo 29, ndipo mabomba ake anali atamiza sitima pafupifupi 30, zolemera pamodzi matani oposa 36,000.

Chinakagonjetsa ndi mchenga. Pa 27 Epulo 1916, kali ndi mabomba ake, kanatitimira pamulu wa mchenga wotchedwa Shipwash, kunja kwa Harwich. Nyanja ya kumeneko imadzala ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawiyo madzi anali akuphwa. Ndi injini yofooka ija panalibe zoti n'kudzikoka. Madzi atatsika, kasitima kanatsala poyera, ndipo sitima yankhondo ya Britain yotchedwa Firedrake inatulukira. Mohrbutter analamula kuti zikalata zachinsinsi ziwonongedwe ndi kuti atchere zophulitsira m'kati, anyamata n'kudumphira m'madzi. Angerezi anawavuula n'kuwatenga ukaidi. Zophulitsirazo zinaboola thupi la sitima, koma mabomba aja sanaphulike. Zikanatero sipakanatsala kanthu koti n'kutola, ndipo mwina ena mwa owavuulawo akanapita nawo limodzi.

Kuichotsa pamenepo inali ntchito ya masabata angapo. Chitsulocho chinkamira mumchenga tsiku ndi tsiku, ndipo omira pansi pa madzi ankagwira ntchito pambali pa mabomba amoyo, ena atasuntha m'malo mwake chifukwa cha kuphulika kuja. Anayamba awamangirira kuti asagwe, kenako n'kulowetsa mawaya kunsi kwa sitima, kuinyamula ndi kuikokera ku Harwich, kumene anachotsa mabombawo n'kuikonza. Aka kanali koyamba kuti Britain igwire sitima ya pansi pa madzi ya Ajeremani ili pafupifupi yathunthu.

Inagwidwa pa sabata imene boma la ku London linkasowa nkhani yabwino. Pa 24 Epulo kuukira kunabuka ku Dublin. Pa 25 zisitima zankhondo za Germany zinawombera matauni a Lowestoft ndi Great Yarmouth. Pa 29 asilikali a Britain ndi India amene anazingidwa ku Kut, m'dziko limene lero ndi Iraq, anagonja kwa asilikali a Turkey. Ndipo pamene kasitimaka kankamalizidwa kukonzedwa, nkhondo ya ku Somme inali itayamba: pa 1 Julayi pokha asilikali a Britain oposa 19,000 anafa. Mabanja ankatsegula nyuzipepala n'kuyamba ndi masamba a mayina.

Kumapeto kwa Julayi 1916 UC-5 inakokedwa kukwera mtsinje wa Thames n'kumangiriridwa pa Temple Pier, pakati pa mzinda wa London, mbendera ya asilikali a pamadzi a Britain ili pamwamba pa ya Germany. Anthu masauzande ambiri anaima pamizere italiitali, akulipira kandalama kolowera, kuti aone ndi maso chilombo chimene ankangochimva. Ndalamazo zinkapita ku mabungwe othandiza amalinyero ndi mabanja awo. Ojambula anapanga mapositikhadi ake, ndipo makampani a ziwiya zadothi anaumba tizidole ta UC-5 togulitsa. Aboma ankafuna anthu aone kuti mdani wa pansi pa madzi amagwidwa. Chimene sanachikweze mawu ndi chakuti palibe mfuti, ukonde kapena bomba la Britain limene linagwira ameneyu.

Chaka chotsatira anaipezera ntchito ina. America inalowa nkhondo mu Epulo 1917, makamaka chifukwa Germany inali itayambiranso kumiza sitima popanda chenjezo, ndipo boma la Wilson linkafuna ndalama zambiri mwamsanga. Njira yake inali kukongola kwa nzika zake pogulitsa mabondi otchedwa Liberty Bonds. Britain inatumiza UC-5 ku New York itadulidwa zigawo zitatu. Mu Okutobala 1917 zigawozo zinakwezedwa pangolo zikuluzikulu zokokedwa ndi magulu a mahatchi, n'kudutsa m'misewu ya Manhattan anthu akuonerera, mpaka ku Central Park, pabwalo la udzu lotchedwa Sheep Meadow. Kumeneko anazilumikiza, n'kupatsa sitimayo dzina latsopano lakuti U-Buy-a-Bond, lolimbikitsa anthu kugula mabondi. Amene wagula ndiye ankapatsidwa mwayi woiyendera. Kapangidwe kake koti izitha kuphwasulidwa ndi kunyamulidwa pamtunda, kamene amisiri a ku Germany anakaganizira pofuna kuifikitsa msanga kunkhondo, n'kamene kanapepukitsa ntchito ya oionetsa. Ngongole yachiwiri ya Liberty, imene kasitimaka kanaitanira, inasonkhetsa madola 3.8 biliyoni.

Pamene anthu a ku New York ankasuzumira m'mipope yake yopanda kanthu, mtundu wa UC I unali utatsalira kale m'mbuyo. Ajeremani anali atamanga sitima 64 za mtundu wotsatira, UC II, zazikulupo, za injini ziwiri, zonyamula mabomba 18 pamodzi ndi torpedo ndi mzinga, zotha kuzungulira Britain yonse. Zimenezi ndizo zinamiza sitima zochuluka koposa m'chaka choopsa cha 1917.

Mwa tisitima 15 toyamba tija, tambiri tinali titapita ndi anthu ake. UC-9 inasowa mu Okutobala 1915. UC-8 inatitimira pagombe la Netherlands mwezi wotsatira, ndipo dzikolo linaisunga n'kuigula, kuitcha M-1. UC-13 inakankhidwira kumtunda ndi namondwe pa Black Sea. UC-12 inaphulika ndi mabomba ake omwe kunja kwa doko la Taranto mu Malichi 1916, Italy n'kuivuula, kuikonza ndi kuigwiritsa ntchito pansi pa dzina la X-1. UC-10 inawomberedwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Britain, E54, mu Ogasiti chaka chomwecho. UC-14, yomiza Regina Margherita ija, itabwezedwa ku Flanders inagunda bomba pakhomo pa Zeebrugge kumayambiriro kwa Okutobala 1917.

Pofika kumapeto kwa mwezi umenewo tinali titatsala tiwiri tokha m'manja mwa Germany. UC-11, kamene kanayambitsa zonsezi, kanagunda bomba kunja kwa Harwich pa 26 Juni 1918, ndipo anapulumuka ndi mkulu wake yekha, Kurt Utke. UC-4 inafika mpaka Okutobala 1918, pamene Ajeremani ankathawa m'madoko a Belgium. Popeza sikanatha ulendo wobwerera kwawo, eni ake anaimiza okha kunja kwa gombe la Flanders pa 5 Okutobala, kutatsala masabata asanu kuti nkhondo ithe.